Mbiri ya malemu bambo anu: mkulu wa mpingo ndi kochi adali munthu mmodzi

Funso lafika kuchokera kwa mayi wina wa ku Chibavi, mumzinda uno wa Mzuzu, ndipo mwachidule likuti: "Bambo anga adamwalira chaka chatha. Adali mphunzitsi wa pulayimale, mkulu wa mpingo wa CCAP, komanso kochi wa mpira wamiyendo kwa zaka zambiri, poyamba pasukulu, kenako ku timu ya achinyamata ya m'dera lathu. Adayamba ntchito mu 1978 m'chigawo chapakati, kumene adakwatira mayi anga, ndipo tidasamukira kuno mu 1989. Pa maliro mbiri yawo idawerengedwa mothamanga, ndipo mudali zaka ndi mayina a sukulu basi. Mu Seputembala tikumanga chiliza ndi kuchita mwambo wachikumbutso, ndipo abale andipatsa ine, monga mwana woyamba, ntchito yolemba mbiri. Akulu ena akuti za mpira zisachuluke m'tchalitchi, pomwe anyamata amene bambo adawaphunzitsa akufuna kudzalankhula. Komanso bambo adali aukali, ndipo ndikusowa chochita ngati ndinene zimenezi kapena ndizisiye. Ndiyambire pati?"

Mayi, pepani kwambiri chifukwa cha imfa ya bambo anu, ndipo Mulungu apitirize kutonthoza inu, mayi anu ndi mbumba yonse. Ine ndine mphunzitsi wopuma pa ntchito komanso mkulu wa mpingo, ndipo kwa zaka zambiri ndakhala ndikupemphedwa kulemba kapena kuwerenga mbiri za omwalira, kotero ndiyankha kuchokera pa zimene ndaona zikuyenda bwino ndi zimene ndaona zikusiya anthu ndi mabala mumtima.

Choyamba musawasungire kanthu kukhosi amene adalemba mbiri ya pa maliro ija. Mbiri ya pa maliro imalembedwa usiku pasiwa, ndi anthu amene sadagone ndiponso akulira, ndipo m'mawa mwake imawerengedwa adzukulu atamaliza kale ntchito kumanda, amfumu, oyimira banja ndi abusa akudikira nthawi yawo. Pa nthawi yotere chimene munthu amakwanitsa ndi tsiku lobadwa, sukulu, ukwati, chiwerengero cha ana ndi tsiku lomwalira. Mwambo wachikumbutso ndi wosiyana, chifukwa misozi yaphwerako ndipo muli ndi miyezi yokonzekera. Choncho musabwereze mndandanda wa zaka uja n'kungowonjezerapo mawu oyamikira. Ntchito yanu ndi yoti mdzukulu amene sadawaone agogo ake, akadzamva mbiriyo, adzadziwe kuti munthuyo adali wotani akakwiya, akagonja, akakhala ndi ndalama zochepa, komanso akamapemphera.

Tsopano ku nkhani imene yakuvutani kwambiri, ya mpingo ndi mpira. Ine ndikuona kuti mbali ziwirizi zikukangana chifukwa zonse zikuganiza ngati kuti padali anthu awiri, wina wovala jekete Lamulungu m'mawa ndi wina woyimba wezulo pabwalo masana a Lachiwiri. Koma adali munthu mmodzi, ndipo ngati chikhristu chake chidali chenicheni, malo amene chidaonekera poyera kwambiri ndi pabwalo pomwepo, pamene palibe guwa, palibe abusa, ndipo woyimbira mpira wakana chigoli choonekeratu. M'tchalitchi tonse timakhala odekha. Pabwalo m'pamene mtima wa munthu umatuluka. Ndiye mukachotsa za mpira pofuna kuteteza ulemu wa mwambo, mwachotsa umboni waukulu wa chikhulupiriro chimene mwambowo ukufuna kuchitira umboni.

Komabe akulu amene akudandaulawo musawaone ngati otsalira, pakuti nkhawa yawo ili ndi gwero. Adaona mowa ndi kutukwana kwa masapota, adamva za zithumwa zokwiriridwa pagolo, ndipo adaona achinyamata akuthawa mapemphero chifukwa cha masewero a Lamulungu. Chimene akuopa n'chakuti nyumba ya Mulungu ingasanduke malo owerengera zikho ndi zigoli. Pitani kwa abusa ndi kwa mlembi wa sesoni (bwalo la akulu a mpingo) nthawi ikadalipo, muwafotokozere kuti simukufuna kutamanda mpira, koma kuonetsa mmene mkulu mnzawo adatumikirira ana a anthu kudzera mu mpirawo. Baibulo lenilenilo silichita manyazi ndi masewero. Pa 1 Akorinto 9:24-27 mtumwi Paulo akufanizira moyo wa mkhristu ndi wothamanga pa mpikisano amene amadziletsa pa zonse kuti akalandire mphotho, ndipo adalembera anthu amene ankawadziwa bwino masewero otchuka amene ankachitika pafupi ndi mzinda wawo wa Korinto. Pa 2 Timoteyo 4:7 akunena za kutsiriza liwiro ndi kusunga chikhulupiriro, ndipo Ahebri 12:1 akutilimbikitsa kuthamanga mopirira. Kuno kumpoto tili ndi chifukwa chinanso. Mishoni ya Livingstonia, imene idayamba mu 1875 ku Cape Maclear, n'kusamukira ku Bandawe mu 1881 ndi ku Khondowe mu 1894 motsogozedwa ndi Dr Robert Laws, sidalekanitse tchalitchi ndi sukulu, ndipo mphunzitsi wa m'mudzi ndiye adali wotsogolera mapemphero, wophunzitsa kuwerenga ndi wolera achinyamata. Bambo anu adayenda m'mapazi a aphunzitsi amenewo, ndipo mkulu wa mpingo wa Sinodi ya Livingstonia sangavutike kumvetsa zimenezi mukamufotokozera mwaulemu.

Kumene mudzapeze chuma cha mbiriyi ndi kwa anyamata aja, amene tsopano ndi abambo a ndevu zoyera, ena ali ku Luwinga ndi ku Zolozolo, ena ku Lilongwe, ena ku Johannesburg. Koma samalani ndi kafunsidwe. Mukafunsa kuti "Kodi bambo adali munthu wotani?" aliyense adzayankha kuti adali munthu wabwino, wokonda anthu ndi woopa Mulungu, ndipo mudzabwerera ndi mawu amene anganenedwe za womwalira aliyense. M'malo mwake funsani za tsiku limodzi. Funsani kuti ndi liti pamene a Kochi adamukwiyira kwambiri, ndipo chidachitika n'chiyani m'mawa mwake. Funsani zimene ankanena timu ikagonja, ndiponso ngati ankapemphera mofanana pa tsiku lopambana ndi tsiku logonja. Funsani zimene ankachita ndi mnyamata waluso amene ankajomba kusukulu, ngati ankamuseweretsa chifukwa chofuna chigoli kapena ankamukhazika panja. Funsani kuti jombo zoyamba adazipeza bwanji amene adazolowera kumenya chikulunga ndi mapazi, ndani ankalipira galimoto yopita ku Ekwendeni kapena ku Nkhata Bay, ndipo ankadya chiyani pobwerera.

Pali mafunso awiri amene ndikukupemphani kuti musawadumphe, ngakhale akuoneka olemera. Loyamba ndi la mankhwala a mpira. Aliyense amene adakhalapo pafupi ndi timu m'dziko muno akudziwa kuti masewero akulu akayandikira pamabwera anthu onena kuti tikaonane ndi sing'anga, tisalowere pachipata, tisambe izi ndi izo. Lachiwiri ndi la kunama zaka, pamene mnyamata wamkulu amalembedwa ngati wamng'ono kuti asewere mpikisano wa sukulu. Ngati bambo anu adakana zinthu ziwirizi, ndipo timu idagonja chifukwa cha kukanako, masapota n'kuwanyoza, ndiye kuti mwapeza ulaliki woposa mawu onse oyamikira amene mungalembe. Koma lembani zokhazo zimene mwauzidwa ndi amene adaona, makamaka zikatsimikizidwa ndi anthu awiri. Musapeke nkhani yokoma pofuna kukometsa mbiri, chifukwa m'khamulo mudzakhala anthu amene adalipo, ndipo bodza limodzi lidzachititsa kuti akayikire ngakhale zoona zonse. Pocheza nawo jambulani mawu awo pa foni atakulolani, ndipo amene ali kutali atumize mawu pa WhatsApp. Mawu amenewa musadzawafufute mwambo ukatha, pakuti ena mwa olankhulawo nawonso akukalamba.

Zaka zimene mwatchula m'funso lanu si manambala wamba, ndipo mukaziika m'nthawi yake zidzalankhula zambiri. Chaka cha 1978, pamene bambo anu adayamba kuphunzitsa, ndi chaka chimene timu ya dziko lino idatenga koyamba chikho cha East and Central Africa, itagonjetsa Zambia pa ndime yomaliza kuno kwathu, ndipo idachitetezanso mu 1979 ku Kenya. Nthawi imeneyo kudalibe kanema wa dziko lino, amene adadzayamba mu 1999, kotero anyamata ankaunjikana pa wayilesi kumvera MBC, ndipo m'mawa mwake aliyense pabwalo la sukulu ankadzitcha Kinnah Phiri. Mphunzitsi wachinyamata amene adatola wezulo m'zaka zimenezo adalowa mu mpira dziko lonse likutentha nawo. Mu 1984 timuyo idapita koyamba ku mpikisano wa Africa Cup of Nations ku Ivory Coast, ndipo mu 1988 idatenganso chikho cha East and Central. Chiganizo chimodzi kapena ziwiri za nthawi imeneyi zidzathandiza achinyamata kumvetsa chifukwa chimene agogo awo adaukondera mpira chotere.

Chaka cha 1989 n'cholemera kwambiri. Ndi chaka chimene boma la Dr Kamuzu Banda lidalamula kuti aphunzitsi abwerere kukagwira ntchito m'zigawo za kwawo, ndipo amene adakhudzidwa kwambiri adali aphunzitsi ochokera kumpoto amene ankaphunzitsa pakati ndi kummwera. Mabanja ambiri adanyamuka mosakonzekera, kusiya minda, abwenzi ndi mipingo. Funsani mayi anu ngati kusamuka kwanu kudali mbali ya lamulo limeneli. Ngati n'choncho, ndiye kuti bambo anu adasiya timu imene adaiumba ndi manja awo n'kudzayambanso pa chiyambi kuno, ndipo mayi anu adasiya kwawo n'kudzakhala pakati pa anthu a chiyankhulo china. Simuyenera kusandutsa mwambo wachikumbutso kukhala msonkhano wa ndale, koma kunena mwachidule kuti banja lidasamuka osati mwa kufuna kwake, ndi kufotokoza mmene bambo anu adalandirira zimenezo, ndi choonadi chimene ana anu ayenera kuchidziwa. Kenako mu 1994 maphunziro a pulayimale atakhala aulere, chiwerengero cha ana m'sukulu chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa oposa 3 miliyoni, makalasi adadzaza mpaka ena kumaphunzirira pansi pa mitengo, ndipo mphunzitsi amene ankaweruka atatopa chotero n'kupitabe kubwalo madzulo adali kupereka chinthu chimene palibe adamulipira.

Apa ndiime pang'ono pa mayi anu, chifukwa ndi pamene mbiri zambiri zimalakwa. Ndidakhalapo pa mwambo wina pamene mbiri ya bambo wina wodziwika idatenga nthawi yaitali kutchula makomiti onse amene adakhalamo, koma mkazi wake, amene adakhala naye zaka zoposa makumi anayi, adangotchulidwa m'chiganizo chakuti wasiya mkazi mmodzi ndi ana. Ndidaona mayiyo akuweramitsa mutu, ndipo chithunzi chimenecho sichidandichoke mpaka lero. Munthu sakhala kochi wa timu ya m'dera popanda wina kunyumba kulipira mtengo wake. Pali amene ankachapa yunifolomu ya timu yonse m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, pamene dzuwa la Mzuzu limasowa ndipo zovala zimakana kuuma. Pali amene ankawonjezera ufa mumphika chifukwa kwabwera anyamata atatu osayembekezeka, ndiponso amene ankaona gawo la malipiro a mwezi likupita ku mpira watsopano pomwe ana akufuna nsapato. Khalani pansi ndi mayi anu muli awiri, osati pamsonkhano wa abale, muwafunse zimene mpirawo udawadyera ndi zimene udawabweretsera. Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye, ndipo m'nyumba mwanu mwambiwu udakwaniritsidwa ndi anthu awiri, osati mmodzi.

Za ukali wa bambo anu, yankho langa ndi lakuti munene, koma munene ngati mwana wawo, osati ngati woweruza. Aliyense amene adzakhale pamwambopo akudziwa kuti adali aukali, ndipo mukawajambula ngati mngelo wosakweza mawu, anthu adzangogwedeza mitu mwaulemu koma mumtima adzati uyu si munthu amene tinkamudziwa. Njira yabwino ndi kufotokoza chochitika chimodzi chimene chikuonetsa ukaliwo pamodzi ndi chimene chidali kuseri kwake, monga tsiku limene adabweza mwana pakhomo chifukwa chofika usiku koma iwo eni osagona mpaka atatsimikiza kuti wadya, ngati zoterozo zidachitikadi. Anthu adzaseka pang'ono, ena adzapukuta misozi, ndipo adzamuzindikira. Koma pali malire. Ngati ukaliwo udasiya bala lenileni mwa mmodzi wa ana kapena mwa mayi anu, bala limenelo si la pa mayikolofoni. Limafuna kukambirana kwa pabanja, mwina pamaso pa abusa kapena ankhoswe, ndipo ndi bwino kutero mwambo usadafike, kuti pasadzakhale wina wokhala kumbuyo akumva mbiri ya bambo amene iye sadamuone. Simukakamizidwa kunena zonse, koma zimene mwanenazo zikhale zoona.

Mbali ya mpingo nayonso isangokhala mawu akuti adali wokonda Mulungu. Zaka za ubatizo, kulowa chikhristu ndi kudzozedwa ukulu wa mpingo mukazitsimikize kwa mlembi wa sesoni, chifukwa kukumbukira kwa abale kumasiyana, ndipo chaka cholakwika chikalembedwa pa mwala chimakhala pomwepo. Kenako funsani a Madodana anzawo (gulu la abambo mumpingo), amayi a Umanyano (gulu la amayi) ndi amene adawaphunzitsa Sande sukulu kapena kalasi, kuti bambo anu ankapita kwa ndani odwala akachuluka, ankakhala mpaka nthawi yanji pa maliro a anthu osauka, ndipo ndi nyimbo iti imene ankaiyambitsa. Nyimboyo muipemphe kuti idzayimbidwe. Kunyumba kumbukirani ngati kudali mapemphero a madzulo, ndani ankawerenga, ndiponso ngati m'Baibulo lawo muli mavesi odulidwa mzere kapena timapepala tolembedwa ndi dzanja lawo. Vesi limene iwo eni adalidula mzere ndi loyenera pa chiliza kuposa limene inu mungasankhe chifukwa choti ndi lotchuka.

Matenda amene adawatenga simukakamizidwa kuwatchula, ndipo mawu akuti adadwala kwa nthawi yakutiyakuti ndi okwanira. Nkhani za chuma chamasiye, ngongole, ndi za amene sadabwere kudzazonda matenda zisalowe ngakhale mophiphiritsa. Chiwerengero cha ana ndi zidzukulu mugwirizane ndi akulu a mbali zonse ziwiri, a kwa bambo anu ndi a kwa mayi anu, chifukwa m'banja ngati lanu mwakumana miyambo iwiri, ya kumpoto kumene ana amawerengedwa a kwa bambo, ndi ya Achewa kumene mwini mbumba ndi malume. Mukamaliza kulemba, muwerengereni mayi anu poyamba, kenako abale a bambo anu, kenako abale anu obadwa nawo, ndipo chimene mmodzi wa iwo wachikana ndi mtima wonse muchiganizirenso.

Ndikulangizani kuti mulembe mbiri ziwiri. Yaifupi, ya masamba awiri kapena atatu, ndiyo yowerenga m'tchalitchi, ndipo isapitirire mphindi khumi, chifukwa pamwambo pali olankhula ena ndi ulaliki. Yaitali, yokhala ndi nkhani zonse za anyamata aja ndi zithunzi za timu, muisindikize ngati kabuku ka banja ndi kutumiza kwa amene ali kutali. Za chiyankhulo, werengani m'Chichewa, popeza ndicho chiyankhulo cha mayi anu ndiponso chimene inu mungalankhule kuchokera pansi pa mtima, koma malonje kwa amfumu ndi kwa abale a kumudzi, pamodzi ndi mawu amene bambo anu ankakonda kunena m'Chitumbuka, asiyeni m'Chitumbuka momwemo. Mawu amene kochi ankakuwira anyamata ake akamasuliridwa amataya mphamvu, koma akanenedwa monga mmene iye ankawanenera, mudzaona abambo akuluakulu akuwamaliza okha musadafike kumapeto.

Anyamatawo apatsidwe mpata, koma asankhe mmodzi wowayimira m'tchalitchi, auzidwiretu mphindi zake, ndipo zimene adzanene muzimve inu tsikulo lisadafike kuti musabwerezane. Enawo adzalankhule kunyumba pa nthawi ya chakudya, kumene kuseka ndi kukumbutsana za zigoli kuli pamalo pake. Ngati akufuna kuvala yunifolomu ya timu kapena kuika mpira pachiliza, funsani abusa ndi eni manda poyamba. Mwinanso wina adzabweretsa maganizo oyambitsa chikho chokumbukira bambo anu. Maganizowo ndi abwino, koma asalengezedwe pagulu pokhapokha mutakhala pansi n'kudziwa amene adzagule mipira ndi mphotho, amene adzalipire oyimbira, ndi amene adzapemphe bwalo, osati chaka chino chokha koma ndi chaka chamawa. Ndaona malonjezo otere akuwomberedwa m'manja pamanda n'kuzilala chaka chisadathe, ndipo amene amatsala ndi manyazi ndi banja. Ngati mphamvu ndi zochepa, kugulira mipira iwiri sukulu imene adaphunzitsa chaka ndi chaka, kapena kulipirira mwana mmodzi wa timuyo fizi ya kusekondale, ndi chinthu chimene chingapitirire.

Pa tsikulo sindikizani mbiriyo ndi zilembo zikuluzikulu, chifukwa maso a misozi saona zilembo zazing'ono, ndipo musawerengere pa foni. Yesezani kuwerenga mokweza kunyumba kawiri kapena katatu kuti mudziwe malo amene mawu amakutsamwani, amene nthawi zambiri amakhala pamene mwatchula mayi anu kapena masiku omaliza a kuchipatala. Perekani pepala lina kwa mchimwene wanu kapena mng'ono wanu, ayimirire pambali panu. Mukafika pamalo potero mawu n'kukana kutuluka, imani, pumani, ndipo ngati akukanabe, iye apitirize kuchokera pa mzere umene mwalekezera.